Wantchito amene amangoti waiwala magalasi, ndi ndalama zimene kampani ikutaya osadziwa

Ukagwira ntchito ndi anthu kwa nthawi yaitali pali mawu ena amene umayamba kuwamva mwa mtundu wina. Munthu wampatsa fomu kuti alembe pompo, iye akuti "ndaiwala magalasi bwana, ndikalembera kunyumba." Mawa fomu yabwera yolembedwa bwinobwino koma ukayang'ana dzanjalo si lake, ndi la mwana wake. Wina ukamuuza kuti awerenge chidziwitso chimene chamatidwa pakhoma amati "tangondiuzani mwachidule, ndili pa changu." Ndiye pali wina uja katswiri weniweni, wakhala pa makina omwewo zaka 15, akangomva kulira kwake amadziwa kuti vuto lili pati asanatsegule nkomwe, koma mwampatsa mwayi wokhala supavaiza wakana kawiri konse, akuti sakonda za maudindo. Chimene sakunena ndi choti supavaiza amalemba lipoti la shifiti tsiku ndi tsiku, ndipo iye akangoganiza za pepala limenelo thukuta limatuluka.

Anthu awa si aulesi, si mbuli, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene agwira kampani kuti isagwe. Kungoti kuwerenga, kulemba ndi masamu zimawavuta, ndiye aphunzira njira zozembera zambirimbiri kuti wina asazindikire. Mfundo yanga mu nkhaniyi ndi imodzi basi, kampani imene ikuti ilibe ndalama zophunzitsira antchito ake zinthu zoyambirirazi ikulipira kale, ikulipira mwezi ndi mwezi, kungoti bilu yake imabwera ndi mayina ena. Imabwera ngati katundu woonongeka, ngati oda yobwezedwa, ngati ngozi, ngati kasitomala amene wapita osatsanzika.

Tiyambe ndi kumvetsetsana kuti tikukamba za ndani, chifukwa ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za munthu amene sadziwa olo "a", wosaina ndi chala. Alipo ndithu, bungwe la UNESCO limati akuluakulu opitirira 700 miliyoni pa dziko lonse satha kuwerenga ndi kulemba, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi amayi. Koma gulu lalikulu kwambiri pa malo a ntchito ndi lina, la anthu amene anapitako kusukulu, dzina lawo amalemba, meseji yaifupi pa foni amawerenga, koma apatseni malangizo a ndime zitatu okhala ndi mawu oti "pokhapokha ngati" kapena "musanachite izi onetsetsani kuti," atayika. Amawerenga liwu ndi liwu koma akamafika kumapeto kwa chiganizo aiwala kumene chinayambira. Pa masamu ndiye gululi limakula kuposa pamenepo, kuwonkhetsa ndi kuchotsera amatha, koma maperesenti, madesimo, kusintha malita kupita ku mamililita, kuwerenga tchati, apo ndiye pamakhala kungoyerekeza.

Ndipo musaganize kuti ili ndi vuto la mayiko osauka okha ayi. Mu 1999 ku England kunatuluka lipoti la komiti yotsogozedwa ndi Sir Claus Moser lomwe linadzidzimutsa anthu, linati akuluakulu pafupifupi 7 miliyoni, munthu mmodzi mwa asanu alionse, amavutika ndi kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku, ndipo pa masamu zinali zoipirapo. Boma linayambitsa ndondomeko ya Skills for Life mu 2001 chifukwa cha lipoti limenelo. Ku Germany kafukufuku wotchedwa LEO wa 2018 anapeza akuluakulu 6.2 miliyoni amene kuwerenga ndi kulemba kumawavuta kwambiri, ndipo chomwe chimandigwira mtima pa kafukufuku ameneyu ndi choti opitirira 60 mwa 100 alionse mwa anthuwa anali pa ntchito. Sanali pakhomo kusowa chochita, anali m'mafakitale, m'makhitchini, pa zomangamanga, akuyendetsa magalimoto. Bungwe la OECD nalo limayesa luso la akuluakulu m'mayiko ambiri olemera kudzera mu kafukufuku wa PIAAC, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2024 zinaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali pa mlingo wotsika pa kuwerenga, chimodzimodzinso pa masamu. Ndiye ngati muli ndi antchito 40 ndipo mukuti "kwathu kuno kulibe zimenezo," mwina kungoti amabisa bwino.

Nanga ndalamazo zimatayikira pati kwenikweni? Tiyeni tione pafupi.

Tengani munthu wogwira ntchito yoyeretsa, kaya mu hotela, kaya mu chipatala, kaya mu fakitale ya zakudya. Pa chigubu cha mankhwala palembedwa kuti asakanize 1:10, kutanthauza gawo limodzi la mankhwala pa magawo 10 a madzi, pa malo akuda kwambiri ndi 1:40 pa kukolopa wamba. Munthu amene sanamvetse bwino nkhani ya magawo akaona 40 ndi 10 amaganiza kuti 1:40 ndiye yamphamvu chifukwa 40 ndi nambala yaikulu. Ndiye pamene pakufunika mankhwala amphamvu akuthira madzi ambiri, majeremusi sakufa. Kapena amangosiya zowerengazo nkumathira ndi maso, ndipo munthu akamathira ndi maso nthawi zambiri amathira ochuluka kuti "zigwire," chigubu chomwe chikanatha mwezi chikutha sabata imodzi, pansi pakuonongeka, manja ake akusupuka. Bwana akaona bajeti ya mankhwala yakwera amayamba kuganiza kuti wina akuba. Palibe akuba, ndi 1:10 uja basi. Ndipo kumuphunzitsa munthu ameneyu sikufuna chaka, ndi kapu imodzi, ndowa ndi theka la ola, kumuonetsa kuti kapu imodzi ya mankhwala, makapu 10 a madzi, kenako kumusiya ayese yekha ndi manambala ena mpaka aone chifukwa chake nambala ikamakula mankhwala amasungunuka.

Desimo ndi ina yoopsa. Kusiyana kwa 0.5 ndi 0.05 ndi ziro mmodzi pambuyo pa kadontho, koma chimodzi ndi chachikulu ka 10 kuposa chinzake. Pa makina odula zitsulo zimenezo ndi mulu wa zidutswa zotayidwa, pa kusakaniza utoto kapena chakudya cha ziweto ndi bachi yonse yoonongeka. Ku sitoko nako, munthu amene sawerenga bwino madeti amatulutsa katundu watsopano nkusiya wakale kumbuyo mpaka atha ntchito. Wina akaona 14:00 pa ndandanda ya ntchito amabwera 4 koloko mmalo mwa 2 koloko, lole yadikira maola awiri, dalaivala akufuna ovataimu. Wogulitsa wauzidwa kuti atsitse mtengo ndi 20 peresenti pa nthawi ya pulomoshoni kenako aukweze ndi 20 peresenti ikatha, akuganiza kuti wabwerera pomwe unali, pomwe chinthu cha 100 chikatsika kufika 80 nkukwezedwa ndi 20 peresenti chimathera pa 96. Zinayi pa 100 zilizonse zapita, pa katundu yense, mpaka wina adzazindikire. Izi ngakhale eni mabizinesi ang'onoang'ono zimawapeza, kugula pa 100 nkugulitsa pa 125 amati apindula 25 peresenti, pomwe pa ndalama imene yalowa phindu ndi 20 peresenti yokha.

Kuti muone kuti nkhani ya miyeso siseweretsa, mu July 1983 ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inatha mafuta ili mumlengalenga. Dziko la Canada linali likusintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makilogalamu, ndipo powerengera mafuta anagwiritsa ntchito nambala yolakwika, ndege inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la amene amafunika. Oyendetsa anaitsitsa injini zili zii pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli ndipo palibe anafa. Awa anali anthu ophunzira bwino. Ndiye ganizirani munthu amene sukulu anailekezera panjira, tsiku lililonse tikumupatsa makilogalamu, malita, mamilimita, ma psi ndi ma bar oyezera mphamvu ya mpweya, osamufotokozera nkamodzi komwe.

Pa nkhani ya ngozi ndiye sindifuna kudutsapo mwachangu chifukwa apa si ndalama zokha. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO limati anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ngozi ndi matenda obwera kaamba ka ntchito. Sikuti onsewa ndi chifukwa chosawerenga ayi, zifukwa ndi zambiri ndipo zambiri zili mmanja mwa olemba ntchito. Koma taganizirani mmene chitetezo cha pa ntchito chimayendera masiku ano, pafupifupi chonse chili pa pepala. Malebulo, zikwangwani, ndondomeko yozimitsira makina musanalowetse dzanja, chikalata cha mankhwala chija chokhala ndi zigawo 16 chofotokoza zoyenera kuchita akakugwera mmaso. United Nations inakonza zizindikiro zofanana za mankhwala oopsa, zija za kadayamondi kofiira mmbali kokhala ndi chithunzi cha moto kapena chigaza, cholinga chake kuti olo munthu wosawerenga azindikire. Zimathandiza, koma chithunzi chimangokuuza kuti samala, sichikuuza kuti usasakanize ndi chiyani, kapena kuti utsuke ndi madzi kwa mphindi zingati. Ndiye makampani ambiri amachita chani? Amaitana antchito, kuwawerengera mofulumira, kuwapatsa pepala kuti asaine kuti amva. Siginecha ija imateteza kampani pa mlandu koma siteteza dzanja la munthu. Ndipo pali mbali ina imene anthu saiganizira, munthu amene kulemba kumamuvuta salemba lipoti la ngozi imene yangotsala pang'ono kuchitika. Waona waya wosupuka, waona makwerero akugwedera, koma kuti anene akuyenera kudzaza fomu, ndiye amangokhala chete nkumazilambalala. Kampani imataya maso ake pamenepo.

Palinso mtengo wina wobisika kwambiri, nthawi ya anthu ena. Pa gulu lililonse la antchito pamakhala mmodzi amene amawerengera anzake, amawalembera mafomu a tchuthi, amawafotokozera pepala la malipiro, amawalowetsera manambala mu kompyuta. Nthawi zambiri ndi supavaiza kapena mnzawo wachifundo. Munthu ameneyu amataya mwina ola tsiku lililonse pa ntchito imene palibe anamulemba, ndipo tsiku limene wadwala zinthu zimaima. Pepala la malipiro lokhalo limabweretsa mikangano yosaneneka, munthu amene satha kutsatira mmene ovataimu yawerengedwera, msonkho wadulidwa bwanji, penshoni yapita zingati, amangoona kuti ndalama yachepa ndipo mumtima amati andibera. Mwina sanamubere, mwina amuberadi, koma alibe njira yodziwira, ndiye chikhulupiriro chimatha pang'onopang'ono. Wantchito amene amatha kudziwerengera yekha malipiro ake amabwera ndi funso lenileni, "maola anga a Loweruka sanalowe," ndipo nkhani imatha mphindi zisanu.

Kenako kwabwera zamakonozi. Kale munthu ankatha kugwira ntchito moyo wake wonse ndi manja ndi maso basi. Pano oda ikubwera pa tabuleti, shifiti ikutumizidwa pa WhatsApp, makina ali ndi sikirini yolemba uthenga akafuna kuima, ku sitoko kuli sikana, tchuthi upemphe pa intaneti. Kampani imagula sisitimu yodula, kuitana anthu odzaphunzitsa masiku awiri, kenako nkumadabwa kuti bwanji antchito akuikana, akubwerera ku njira zakale. Amati anthu safuna kusintha. Nthawi zina ndi zoona, koma nthawi zambiri ndi mantha, sisitimu yatsopano ija yachotsa malo onse amene munthu ankabisalamo. Maphunziro ena alionse amene kampani imalipira, a makina atsopano, a kasamalidwe ka makasitomala, a ukhondo, amakhazikika pa kuganiza kuti wophunzirayo awerenga buku ndi kulemba mayeso. Ngati maziko amenewa palibe ndalama ya maphunziro enawo ikungothiridwa mu dengu.

Tsono funso limene bwana aliyense amafunsa, ndipo ali ndi ufulu kufunsa, ndi loti kodi pali umboni kuti kuphunzitsaku kumabweza ndalama? Ulipo, koma uli ndi mbali ziwiri ndipo ndibwino kuzinena zonse.

Kafukufuku amene ndimamukhulupirira kwambiri anachitika ku Canada, dzina lake UPSKILL, anayendetsa ndi bungwe la Social Research and Demonstration Corporation ndipo zotsatira zinatuluka mu 2014. Anatenga mahotela ambirimbiri ndi antchito opitirira 1,000, oyeretsa zipinda, olandira alendo, operekera zakudya, ogwira kukhitchini. Mahotelawo anawagawa mwa maere, ena antchito awo analandira maphunziro, ena ayi, kuti pofananitsa pasakhale kunamizana. Maphunzirowo sanali ataliatali, pafupifupi maola 20 pa munthu, koma anawaluka mkati mwa ntchito yeniyeni ya mu hotela. Zotsatira zake, amene anaphunzira anakwera pa luso logwiritsa ntchito zikalata, ambiri anakhoza mayeso a ntchito yawo, makasitomala anakhutira kwambiri, zolakwika ndi zotayika zinachepa, ndipo atawerengera zonse anapeza kuti olo kampani italipira yokha mtengo wonse kuphatikizapo maola amene antchito anachoka pa ntchito, imapezabe phindu la pafupifupi 23 peresenti pa ndalama imene yaika. Palinso kafukufuku wina wa akatswiri a zachuma a ku Canada komweko wa 2004 amene anayang'ana mayiko angapo pa zaka zambiri, anapeza kuti dziko likakwera ndi 1 peresenti pa luso la kuwerenga poyerekeza ndi anzake, zokolola za wantchito aliyense zimadzakwera ndi pafupifupi 2.5 peresenti. Izo ndi za dziko lonse, sizitanthauza kuti kampani yanu iona nambala yomweyo, koma zikuonetsa kumene mphepo ikulowera.

Mbali inayo ndi iyi. Ku Britain, akatswiri a kafukufuku Alison Wolf ndi Karen Evans ndi anzawo anatsatira antchito mazanamazana amene anachita makosi a kuwerenga ndi kulemba pa malo a ntchito, a maola pafupifupi 30, olipiridwa ndi boma. Anapeza kuti anthu anawakonda makosiwo, anayamba kudzidalira, koma powayesa patapita nthawi ambiri luso lawo silinasinthe kwenikweni. Amene anapitirira kukwera anali aja amene ntchito yawo inawapatsa mpata wogwiritsa ntchito zimene anaphunzira, kapena amene anapatsidwa udindo watsopano wofuna kulemba. Makosi ambiri ankatha ndalama za boma zikatha, ndipo mabwana sanasinthe kalikonse pa kagwiridwe ka ntchito. Kwa ine izi sizikutsutsana ndi za ku Canada zija ayi, zikunena chinthu chimodzi kuchokera mbali ziwiri. Kuwerenga kuli ngati mnofu, ukapanda kuugwiritsa ntchito umafota. Mukamuphunzitsa munthu maola 30 nkumubwezera pa ntchito imene supavaiza akumulemberabe chilichonse, mwataya ndalama. Mukamuphunzitsa ndi fomu yeniyeni imene mawa mmawa akaidzaze yekha, ndiye mwagula chinthu chokhalitsa.

Maganizo amenewa si atsopano. Paulo Freire, katswiri wa zamaphunziro wa ku Brazil, mu 1963 anaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 ku Angicos kuwerenga pa maola 40 okha, ndipo chinsinsi chake chinali choti sanayambe ndi mabuku a ana. Gulu lake linkayamba lamvetsera mawu amene anthuwo amalankhula pa moyo ndi ntchito yawo, nkumanga maphunziro pa mawu amenewo, ngati tijolo, kutanthauza njerwa mu Chipwitikizi. Munthu wamkulu wa ana asanu ukamupatsa buku la "galu akuthamanga" wamunyoza ndipo sabweranso. Ukamupatsa lebulo ya chigubu chimene amanyamula tsiku ndi tsiku, amakhala kale akudziwa theka la zimene zalembedwapo, chatsala ndi kulumikiza zimene akudziwa ndi zilembo.

Ndiye pali mantha aja otchuka, "ndikawaphunzitsa athawa, akagwira kwa wina." Si mantha opanda pake. Katswiri wa zachuma Gary Becker anazifotokoza kale mu 1964, kuti pali luso lina lothandiza pa kampani imodzi yokha, ngati kudziwa makina ake apaderadera, ndipo pali luso lothandiza paliponse, ndipo kampani imachita ulesi kulipira lachiwirili chifukwa munthu angathe kulinyamula nkupita nalo kwa opikisana nawo. Kuwerenga ndi masamu ndiye luso la paliponse lenileni. Nchifukwa chake mayiko ena anaganiza zoti mtolo usenzedwe ndi onse. Ku South Africa lamulo la 1999 linakhazikitsa ndalama imene olemba ntchito amapereka, 1 peresenti ya malipiro onse, yopita ku maphunziro a antchito, ndipo migodi yambiri kumeneko yakhala ikuchititsa makalasi a akuluakulu. Ku New Zealand boma linakhazikitsa thumba lapadera lothandiza makampani kuphunzitsa kuwerenga ndi masamu pa ntchito. Ku Australia kunali pulogalamu yotchedwa WELL imene inayenda kuyambira 1991 mpaka 2014. Koma olo popanda thandizo la boma, ine ndimaona kuti mantha aja amaiwala kuwerengera mbali inayo. Munthu amene simunamuphunzitse ndipo sanathawe, akukhala nanu zaka 10 akusakanizabe 1:40 mmalo mwa 1:10. Komanso munthu amene wakhala zaka akubisa chinthu chomupweteka, kampani nkumuthandiza mwaulemu osamuyalutsa, kawirikawiri sakhala woyamba kuchoka. Ena adzachokadi, zimenezo nzosapeweka. Koma kulemba munthu watsopano nakonso kuli ndi mtengo wake, kulengeza, kufunsa mafunso, miyezi yoti azolowere, zolakwitsa za uchilendo. Pomwe katswiri uja wa zaka 15 akanangothandizidwa kulemba lipoti la shifiti mukanakhala ndi supavaiza wodziwa makina onse, amene anzake amamulemekeza kale.

Chimene chimapha mapulogalamu ambiri otere si ndalama, ndi manyazi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa pamene akudziwa kuti samuseka. Mukangolengeza pa msonkhano kuti "amene simutha kuwerenga mulembetse ku ofesi yoona za antchito," palibe olo mmodzi adzabwere, ndipo mudzati vutoli kulibe. Mukaika dzina loti sukulu ya kwacha pa chitseko cha kalasi, bambo wa zaka 50 amene achinyamata amamutcha mdala wa makina sadzalowamo anzake akuona. Makampani amene zinawayendera amazitcha dzina lina, maphunziro a sisitimu yatsopano, maphunziro a kulemba malipoti, kukonzekera usupavaiza, ndipo amaitana gulu lonse osati kusankha anthu ndi chala. Mkati mwa kalasimo mphunzitsi wodziwa ntchito yake amaona yekha amene akufuna thandizo lapadera nkumupeza payekha. Ndipo zotsatira za kuyesa kulikonse zisafike pa tebulo la amene amasankha anthu ochotsedwa ntchito. Izi ndikunena motsindika, ngati antchito angaganize kuti mayesowa ndi sefa yochotsera anthu, pulogalamu yafa tsiku lomwelo ndipo chikhulupiriro sichidzabwereranso. Ku Britain mabungwe a antchito anathandiza kwambiri pa mbali imeneyi, anali ndi nthumwi zawo zoona za maphunziro, chifukwa munthu amamasuka kuuza mnzake wa pa shifiti chimene sangauze bwana.

Nthawi nayo ndi nkhani. Kuuza munthu amene waima maola 9 kuti atsalire madzulo aphunzire mwa kufuna kwake, pomwe ali ndi ana omudikira ndi ulendo wautali, ndi kumuuza kuti asabwere. Amayi ndi amene amayamba kugwa pa dongosolo lotere. Maphunziro achitike mu nthawi ya ntchito, olo ola limodzi kapena awiri pa sabata, kapena theka nthawi ya kampani theka yake. Inde zimenezo ndi mtengo, koma ndi mtengo umene mungauwerenge, kusiyana ndi uja wobisika.

Ndinenenso chinthu chimodzi chimene mabwana sakonda kumva. Nthawi zina vuto si wowerenga, ndi wolemba. Ndaonapo malangizo a chitetezo olembedwa chiganizo chimodzi mizere isanu ndi umodzi, mawu a maloya okhaokha, tizilembo tating'onoting'ono, mu chiyankhulo chimene theka la antchito amangochimva pang'ono. Olo munthu wa digiri amawerenga kawiri. Munthu akhoza kukhala wowerenga bwino mu chiyankhulo chake koma nkumaoneka ngati sadziwa kanthu chifukwa zonse zalembedwa mu chiyankhulo china, ndipo ameneyo akufunika thandizo losiyana ndi amene zilembo zenizenizo zimamuvuta. Palinso ena amene ali ndi dyslexia, anzeru zawo bwinobwino koma zilembo zimawasokonekera, ndi ena amene akungofunikadi magalasi enieni. Ndiye musanaitane mphunzitsi sonkhanitsani mapepala onse amene wantchito wamba amakumana nawo pa sabata, muwayale pa tebulo, mudzifunse kuti ndi angati angafupikitsidwe, ndi angati angaikidwe zithunzi, ndi angati angamasuliridwe. Ntchito imeneyo ndi yotchipa ndipo phindu lake limayamba mawa lomwe. Mapepala amene atsala pa tebulopo ndiwo akhale buku la kalasi.

Pomaliza pake bwana adzafunabe kuona manambala, ndipo ndibwino kuwakonzekera musanayambe osati pambuyo. Osangoyesa kuti angati akhoza mayeso a kuwerenga, chifukwa zimenezo sizimuuza kanthu munthu wa ku akaunti. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikukupwetekani kale ndipo mumazilemba kale, kaya ndi katundu wobwezedwa, kaya ndi malita a mankhwala pa mwezi, kaya ndi mafomu obwerera chifukwa alembedwa molakwika, kaya ndi kusiyana kwa zimene zili mu buku la sitoko ndi zimene zili pa shelefu. Lembani mmene zilili miyezi itatu musanayambe, mudzayang'anenso pakatha miyezi 6 ndi pakatha chaka. Nambala imodzi yokha ndi imene ingakudabwitseni, malipoti a ngozi zotsala pang'ono kuchitika akhoza kukwera mmalo motsika. Musadandaule nazo, waya uja anali wosupuka kuyambira kale, kungoti pano munthu amene amamulambalala tsiku ndi tsiku watenga cholembera nkudzaza fomu yekha.